Manzi Sadinda Pasipoti: Za pa Kafue, Msewu wa ku Boda ndi Mtsinje Wathu

Iwe amene umadzuka ma 04 kuti upeze mpando wa pawindo mu basi ya Kafue yopita mu tauni, nkhani ya lero ndi yako. Ndi yakonso iwe wa ku Kabwata, Chilenje kapena Matero, amene Kafue umaidziwa chabe ngati malo ogulapo nsomba ukamapita ku Livingstone. Chotsako earphone khutu limodzi, tikambirane.

Tsiku lina madzulo tinaima pa mzere pa tollgate ya Shimabala. Kutsogolo mathiraki, kumbuyo mathiraki, ife pakati ngati polony mu buledi. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo, nawerenga mathiraki mpaka kutopa, ati: "Ba driver, apa tafika kudala pa boda, auzeni chabe ma passenger atulutse mapasipoti." Basi yonse kuseka. Koma mudala wina kumbuyo, wovala chipewa chakale cha kampani, sanaseke. "Mwana wanga, ukamba monga uchita masobela, koma ni zoona. Boda siyambira ku Chirundu. Iyambira pa Kafue."

Palibe anamuyankha, kaili aliyense anali pa foni. Ine mau aja anandikhala m'mutu mpaka kunyumba, ndipo nditayang'ana mapu ndinapeza kuti mudala sanali kulota.

Kuchoka ku Lusaka kufika pa Kafue ndi makilomita pafupifupi 45. Ukaoloka buliji, pa Turnpike msewu umagawika pawiri. Wina umapita ku Mazabuka, Livingstone mpaka ku Kazungula, kumene buliji yatsopano inatsegulidwa mu May 2021. Wina umatsika mapiri a Kapiringozi kupita ku Chirundu. Ndiye kuti pafupifupi thiraki iliyonse yonyamula kopa wa ku Copperbelt kapena wa ku Congo kupita kumwera, kaya yasankha boda iti, iyenera kupita pakati pa tauni yathu. Zobwera nazonso, mafuta, feteleza, mankhwala a ku migodi, zimapita pomwepa, pafupi ndi tuntemba twa matomato. Ndipo ambiri sadziwa kuti distrikiti ya Kafue payokha imakafika ku malire. Chiawa, dziko la a Goba, ili mu Kafue, ndipo ukaima m'mbali mwa Zambezi kumeneko, tsidya linalo ndi Zimbabwe.

Manje mtsinje. Kafue umayambira kumpoto, pafupi ndi malire a Congo. Umayenda makilomita oposa 1,500, kupyola Copperbelt, Itezhi-Tezhi, Kafue Flats, pansi pa buliji yathu, m'mapiri a Kafue Gorge, nukathira mu Zambezi kumunsi pang'ono kwa Chirundu. Umabadwira pa boda, nukathera pa boda ina. Ife a pa Kafue tili pakati: timalandira zimene a kumtunda ataya, ndipo zimene ife tataya amalandira ndi ena.

Pali amai ena amene amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu, uja mzere umene mabasi a ku Southern amachepetsako liwiro. Ana awo onse anaphunzira ndi ndalama ya nsomba. Chaka chilichonse amadziwa kuti kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka kugwira nsomba m'mitsinje kuti ziswane, ndipo amakonzekera: amasunga zouma, amaoda za m'madamu oweta, amadikira March. Koma March wa 2025 anabwera ndi zake. Makasitomala anayamba kutsitsa windo pang'ono chabe, funso limodzi: "Amai, izi si za asidi?" Iwo kulumbira, "Ni za ku Siavonga izi, mwana wanga, za mu keji." Ena kugula, ambiri kukweza windo ndi kupita. Nsomba siidikira kasitomala. Ikafika madzulo, kapena uitsitse mtengo kapena uiyanike.

Chinachitika ndi ichi, ngati unali busy ndi mpira. Pa 18 February 2025, ku Chambishi pa Copperbelt, damu losungiramo zotsalira za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka. Kampaniyi ndi mwana wa China Nonferrous Metal Mining Group, ya boma la China. Pochotsa kopa mu miyala amagwiritsa ntchito asidi, ndipo matope otsala, osakanizika ndi asidi ndi zitsulo zina, amawasunga m'madamu omangidwa ndi dothi. Khoma likafooka, mvula ikawonjezera, zonse zimatuluka nthawi imodzi. Akatswiri a Engineering Institution of Zambia anati malita pafupifupi 50 miliyoni analowa mu mtsinje wa Mwambashi, umene umathira mu Kafue. Nsomba zakufa zinaoneka makilomita 100 kumunsi. Minda ya chimanga ndi nshawa m'mbali mwa mtsinje inapsa. Mzinda wa Kitwe anautsekera madzi. Ndege za asilikali a Zambia Air Force zinathira laimu mu mtsinje kuti asidi achepe mphamvu. Kampani inapepesa, niti idzalipira ntchito yoyeretsa.

Tikanaganiza kuti yathera pomwepo, koma ayi. Mu August 2025 ofesi ya kazembe wa America inauza anchito ake kuti achoke ku Kitwe ndi madera ozungulira, kutchula arsenic, cyanide ndi uranium. Mneneri wa boma, a Cornelius Mweetwa, anayankha kuti madzi anapimidwa ndipo ali bwino, palibe chifukwa chochititsa anthu mantha. Kampani ya ku South Africa yotchedwa Drizit, imene inalembedwa ntchito yofufuza kukula kwa vuto, inanena kuti zimene zinatayika ndi matani 1.5 miliyoni, kuposa kutali chiwerengero choyamba chija. Sino-Metals inakana zimenezo ndipo kontrakiti ya Drizit inathetsedwa. Mu September anthu 176 a kumeneko anakasuma ku High Court ku Lusaka, kufuna madola 80 biliyoni.

Manje iwe dziike m'malo mwa amai a nsomba aja. Embassy ikuti thawani, boma likuti imwani, kampani ina ikuti matani miliyoni, ina ikuti bodza. Iwo ali ndi beseni la nsomba ndi kasitomala amene waona video pa TikTok. Adzamuuza chiyani?

Tinene zoona, kuchoka ku Chambishi kufika pa buliji ya Kafue ndi ulendo wautali kwambiri wa pa madzi, makilomita mazanamazana. Pakati pali damu lalikulu la Itezhi-Tezhi ndi dambo la Kafue Flats, kumene madzi amayenda pang'onopang'ono ngati basi yopanda ma passenger. Asidi akasakanizika ndi madzi ambiri amatha mphamvu, laimu nayenso amathandiza. Mantha ndiwo anafika kuno msanga, pa WhatsApp, tsiku lomwelo. Koma zitsulo monga lead, cadmium ndi arsenic sizisungunuka n'kutha ayi. Zimakhala pansi m'matope, madzi akasefukira zimasuntha, tizilombo ta m'matope timadya, nsomba imadya tizilombo, iwe umadya nsomba. Sizikupha lero ndi mawa, zimaunjikana m'thupi zaka. Ndiye chifukwa chake kunena kamodzi pa TV kuti madzi ali bwino sikukwanira. Chimene ine ndikanakonda kuona ndi pepala, mwezi uliwonse, lomatidwa pa msika wa Kafue ndi pa harbour, lolembedwa m'Chinyanja ndi m'Chitonga: tapima madzi pa malo akuti, tapima nsomba za mtundu wakuti, tapeza zakuti. Amai aja akanakhala ndi choloza ndi chala. Pepala lotero silidula kuposa billboard imodzi ya kampeni.

Ndipo iwe wa ku Lusaka usaganize kuti izi ndi za a ku Kafue okha. Gawo lina lalikulu la madzi amene amatuluka pa pompi yako limachokera kuno. Pa Iolanda, m'mbali mwa mtsinje, pali malo oyeretsera madzi a Lusaka Water Supply and Sanitation Company, ndipo mapaipi akuluakulu amawakankha kukwera mpaka mu mzinda. Otsalawo amachokera m'ma borehole. Malo a Iolanda anakonzedwanso ndi ndalama za America za Millennium Challenge, pa pulogalamu ya madola 355 miliyoni ya madzi, zimbudzi ndi ngalande za Lusaka. Kenaka kunabwera Kafue Bulk Water Supply Project, ya ngongole ya madola 150 miliyoni yochokera ku China, yowonjezera malita 50 miliyoni pa tsiku. Waiona nambala iyo? Ndi yofanana ndi ija ya ku Chambishi. Ngakhale titatenga chiwerengero chaching'onocho, poizoni amene anatayika tsiku limodzi ndi wochuluka ngati madzi onse amene makina atsopano aja amatumiza ku Lusaka kuyambira m'mawa mpaka m'mawa winanso.

Pali mtsikana wina amene timakwera naye basi kawirikawiri. Amagwira ntchito mu shopu ya mafoni mu tauni, amakhala pa renti ku komboni kuno ku Kafue chifukwa nyumba za ku Lusaka ndi zodula. Nsapato zoyera, wigi yokonzedwa bwino, sungadziwe kuti wadzuka ma 03 kukaima pa mzere ndi chigubu. Tsiku lina anaonetsa mnzake chikhatho, mzere wofiira wa chogwirira cha chigubu. "Ona, boi. Nikhala pafupi na mumana wamene umwesa Lusaka yonse, koma nisamba na ka jug." Mnzake ati: "Nanga si ukatape ku mumana?" Iye: "Iwe, ufuna ng'wena inidye nikalibe kukwatiwa?"

Tinaseka, koma m'nkhani yake muli chinthu chimene andale sakonda kufotokoza. Madzi a pa pompi ndi malaiti ndi mapasa. Mtsinje ungakhale wodzaza, koma popanda magetsi mapampu sayenda, matanki sadzaza, ndipo amene ali kumapeto kwa paipi kapena pamtunda ndiye woyamba kuuma. Ukumbukira 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 February a President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Nyanja ya Kariba inatsika koopsa. Kariba si yathu tokha, timagawana ndi Zimbabwe, ndipo amene amagawa madzi opangira magetsi ndi bungwe la maiko awiriwa, Zambezi River Authority. Chaka chimenecho linapereka ma cubic metre 16 biliyoni okha, 8 kwa ZESCO, 8 kwa anzathu a tsidya lija. Pofika chakumapeto kwa chaka, pa makina 6 a Kariba North Bank panali kuzungulira amodzi, ndipo load shedding inafika maola 21 pa tsiku. Ma barbershop, ma saluni, owotcherera ma gate, ogulitsa ma freezit, onse anaona moto. Mbaula inakhala mfumu, mtengo wa malasha unakwera, ndipo mitengo ya m'mapiri ozungulira Kafue inapita mu Lusaka pa njinga ndi pa ma Canter.

Chowawa n'chakuti kumunsi kwa tauni yathu kuli Kafue Gorge Upper, ya ma megawatt 990, ndi Kafue Gorge Lower, ya 750, imene inatsegulidwa mu March 2023. Mawaya akuluakulu amapita pamwamba pa mitu yathu. Zili ngati kukhala pafupi ndi chigayo koma kugona ndi njala. Sindikunena kuti magetsi akhale a Kafue yokha, dziko ndi limodzi. Ndikunena kuti malo amene amapereka madzi, magetsi ndi msewu kwa dziko lonse sayenera kukhala omalizira pa mzere wa mapaipi.

Pa nkhani ya ZRA, samala. Tili nazo ziwiri. Ina ndi ya misonkho, imene imawerenga katoni iliyonse pa Chirundu. Ina ndi ya mtsinje ija. Funsa aliyense mu basi kuti ZRA ndi chiyani, adzakuuza ya misonkho. Katundu wodutsa pa boda timamudziwa mpaka kilo yomaliza. Zodutsa pansi pa buliji, m'madzi, n'zochepa zimene munthu wamba amamva.

Tiyeni ku msewu. Pali ba driver ena a thiraki, amene a ku Zimbabwe amati gonyeti, amene amakonda kuima pa Kafue kudya nsima ya nkhuku ya kumudzi asanatsike mapiri. Munthu wamkulu, wa ulemu wake, ana ali ku koleji. Ndinawafunsa za pa boda. "Mwana, ukafika bwino upita tsiku imodzi. Ukafika system yagwa, olo mapepala yavuta, uzagona pa mzere mpaka uziwe maina ya bakolwe." Nanga chimbudzi? Anaseka. "Mzere ukafika makilomita, uzasiya thiraki ya bene na katundu uyende kusakila chimbuzi? Pali botolo. Pali sanga." Ndiye ukaona botolo la madzi achikasu m'mbali mwa msewu wa Chirundu, mwana, si apple juice.

Chirundu ndi boda yotchuka. Buliji yoyamba, Otto Beit, ndi ya 1939. Yachiwiri inamangidwa ndi thandizo la Japan, nitsegulidwa mu 2002. Mu December 2009 Chirundu inakhala One Stop Border Post yoyamba mu Africa, kutanthauza kuti umaima kamodzi chabe, maofesala a maiko onse awiri ali pamalo amodzi. Anthu anabwera kuchokera kutali kudzaphunzira. Zonsezo n'zabwino, ndipo zinachepetsadi nthawi. Koma tauni ya pa boda imakhala ndi anthu a mitundu iwiri: okhalamo, amene amawerengedwa pa census, ndi opita, amene sawerengedwa paliponse koma amadya, amamwa, amasamba, amataya. Madalaivala, ma lorry boy, amai a malonda a cross-border, osintha ndalama, ma agent. Bajeti ya khonsolo imaona oyamba aja, chimbudzi chimaona onse. Onjezerapo kutentha kwa m'chigwa mu October, kumene munthu amamwa mabotolo asanu pa tsiku, ndipo botolo lililonse liyenera kugwera penapake. Ndalama ya msonkho wa pa boda imapita ku thumba la boma ku Lusaka, ya pa tollgate imapita ku thumba la misewu. Zinyalala zimatsala ndi khonsolo. Chirundu yomweyo anaichotsa ku Southern Province kuipereka ku Lusaka Province, kenaka mu 2021 anaibweza ku Southern. Mapepala anasamuka kawiri, ngalande zili pomwe zinali.

Kafue ndi chimodzimodzi, kungoti ilibe chikwangwani cha boda. Mathiraki amagona kuno. Amatsukidwa kuno. Oilo wakuda amakhetsedwa kuno, pa dothi, ndipo mvula yoyamba imamutenga kupita naye kumene madzi onse a tauni ino amapita.

Mvula ikayamba, mau amene aliyense amaopa ndi kolera. Taona mmene inayendera. Ku Malawi inayamba mu March 2022, nipha anthu oposa 1,700. Mu January 2023 inaoneka ku Vubwi, ku Eastern Province, kumene malire a Zambia, Malawi ndi Mozambique ali pafupipafupi ndipo anthu amaoloka kukagaya chimanga. Mu February 2023 inabuka ku Chegutu ku Zimbabwe. Mu October 2023 inafika mu Lusaka, ndipo pofika 2024 odwala anapitirira 20,000, omwalira kupitirira 700. Heroes Stadium, kumene timapita kukaonera Chipolopolo, inasanduka chipatala. Masukulu amene anayenera kutsegula pa 8 January anatsegula pa 12 February.

Nthawi ngati imeneyo mu basi mumamveka nkhani zakuti matenda abwera ndi alendo. N'zosavuta kunena, kaili mlendo sayankha. Zoona zake n'zakuti kachilombo kangakwere basi iliyonse, ya ku Harare kapena ya ku Chipata, koma kamakhazikika pamene kapeza malo. Malo ake ndi pa plot pamene landlord wamanga tuzipinda 8, chimbudzi chokumba chimodzi, ndi chitsime chosaya mamita ochepa kuchoka pa chimbudzicho. Mvula ikagwa madzi a pansi amakwera, chimbudzi ndi chitsime zimapatsana moni pansi pa nthaka, iwe pamwamba ukutunga madzi ooneka oyera. Landlord wina ndinamumva akudzitama kuti iye salipira galimoto yopopa chimbudzi: "Nimayembekeza chabe mvula ikulu, nachosako njerwa imozi, vayenda." Vayenda kuti, ba landlord? Kwa neba. Mu mufolo. Mu mtsinje.

Mudala wa chipewa uja akanakuuza kuti Kafue sinayambe chonchi. Inamangidwa ngati tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa mu 1970, panali Kafue Textiles, panali fakitale ya zikopa, ya yisiti, ndipo Kafue Estates inamangidwa mwa pulani kuti anchito akhalemo, ndi mapaipi a madzi ndi a suweji. Mafakitale atayamba kudwala, ntchito zinatha koma anthu sanachoke, anawonjezeka. Zambia Compound, Soloboni, Shikoswe, konse kunadzaza, ndipo lero kwabweranso a Lusaka othawa renti, amene amagona ku Kafue ndi kugwira ntchito mu tauni. Distrikiti ili ndi anthu oposa 200,000. Mapaipi amene anaikidwa nthawi ya a Kaunda sanauzidwe kuti alendo akubwera.

Ngati ufuna umboni woti mtsinje umadya zimene timaupatsa, yang'ana pansi ukamaoloka buliji. Zomera zobiriwira zoyandama zija, za maluwa okongola ofiirira, ndi Kafue weed. Kwawo ndi ku South America, koma zinapeza dzina la kuno chifukwa zinakhuta kuno. Chakudya chake ndi suweji, feteleza wokokoloka m'minda ndi zotayidwa za m'mafakitale. M'zaka za m'ma 1990 zinaphimba mtsinje mpaka munthu kuganiza kuti ndi bwalo la mpira. Zimatseka njira za mabwato, zimatsamwitsa mapaipi okokera madzi, zimaunjikana pa mizati ya buliji ya njanji ija ya 1906, zimavutitsa makina a ku Gorge, ndipo zikaola zimamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Amazichotsa, zimabweranso, chifukwa mbale yake sitinaichotse.

Apa ndiye pamene nkhani imatitembenukira. Tikamakwiya ndi a ku Chambishi, ndipo tili ndi chifukwa chokwiyira, tikumbuke kuti kwa munthu wa ku Chiawa, kumtunda ndi ife. Ka pulasitiki ka chipisi kamene unaponya pawindo, pampasi ya mwana, oilo wa pa garaji, njerwa ya ba landlord ija, ulendo wake ndi umodzi. Kumusi kuja kuli midzi imene amai amatunga mu mtsinje mwachindunji, maso ali pa ng'ona, makutu ali pa njovu, chifukwa borehole ili kutali kapena inafa. Kupitirira apo madzi omwewo amapita pakati pa Lower Zambezi National Park ndi Mana Pools ya Zimbabwe, nafika ku Luangwa, kumene Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique zimayang'anana pa Luangwa, Kanyemba ndi Zumbo. Kenaka Cahora Bassa, kenaka Tete, kumene kuli anthu amene ukawapatsa moni wa "muli bwanji" amakuyankha bwinobwino. Pa msewu thiraki imaima masiku chifukwa cha sitampu imodzi. Pa mtsinje palibe amene amaimitsa kanthu.

Malamulo alipo, usaganize kuti palibe. ZEMA, yoyang'anira zachilengedwe, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. WARMA imayang'anira mitsinje ndi madzi a pansi. NWASCO imayang'anira makampani a madzi. Mu 2018 kunatuluka lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 30, koma pita pa msika uone chimene akukuikiramo tomato. Pa maiko, pali ZAMCOM, mgwirizano wa maiko 8 a mtsinje wa Zambezi umene unasainidwa mu 2004, ofesi yake ili ku Harare. Vuto ndi lakuti damu la mgodi limafuna munthu wopita kukaliona ndi maso lisanagumuke, ndi galimoto, ndi mafuta, ndi mphamvu yotseka kampani imene imalipira msonkho waukulu. Dziko likufuna kufika pa matani 3 miliyoni a kopa pa chaka, kuchoka pa 800,000 ndi kanthu amene tinakumba mu 2024. Kopa wochuluka ndi madamu a matope ochuluka, ambiri a iwo m'chigwa cha mtsinje womwewu, ndi mathiraki ochuluka pa Shimabala. Ntchito tikuzifuna, ine ndine woyamba. Koma ngati oyendera madamu sawonjezeka pamodzi ndi matani, tikudziwa kale filimu yake, tinaionera mu February 2025.

Kuti phokoso la anthu limagwira ntchito, umboni ulipo pafupi. Mgodi wa kopa wa Kangaluwi, umene unafuna kukumbidwa m'kati mwenimweni mwa Lower Zambezi National Park, unakanidwa ndi anthu kwa zaka zambiri, m'makhoti, pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo mu 2023 ZEMA inafafaniza chilolezo chake. Ena mwa amene anasaina ndi kufalitsa nkhaniyo anali achinyamata a pa foni ngati iwe.

Ndipo pali ndalama ina imene ili pafupi ndi iwe kuposa mmene uganizira. CDF inali K1.6 miliyoni pa constituency, mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inapitirira K36 miliyoni. Zimene ndalamayi imagula zimayambira ku Ward Development Committee ya kwanu. Misonkhano yake imachitika masana a pakati pa sabata, pamene iwe uli mu shopu ku Kamwala, ndiye amene amapezekako ndi omwe aja a masiku onse. Chimbudzi cha pa station sichikhala ndi mwini wochikambira, chifukwa palibe amene amafuna kujambulidwa akudula riboni pa chimbudzi. Kalasi ndi ambulansi zimaoneka bwino pa Facebook. Koma masankho amabweretsa anthu pa khomo pako ndi ma T-shirt ndi vitenge. Landira, nsalu ilibe mlandu. Kenaka funsa mafunso a Kafue: mathiraki ogona kuno adzakhala ndi malo ake okhala ndi zimbudzi ndi mosambira liti? Suweji ya tauni ino imathera kuti, ndipo ndani anaipima komaliza? Komboni yathu ili pa pulani iti ya mapaipi, ya chaka chiti? Ukaona munthu wayamba kukamba za chipani chinacho m'malo moyankha, wadziwa.

Tsiku lija la pa Shimabala tinafika pa Kafue mdima utagwa. Mudala anatsika pa Estates osalankhulanso, chipewa chili m'manja. Amai a nsomba anali kulongedza, beseni limodzi likadali lodzaza. Mtsikana wa mu shopu ya mafoni foni yake inalira tili pafupi ndi station. Anamvetsera pang'ono, naimirira basi isanaime, mutu kugunda denga.

"Yabwera? Nthawi yanji? Iwe, leka TV, tapa vigubu vonse, na mapoto, na bafa ya mwana. Nabwera manje manje. Ba conductor, nisiyeni apa pamene!"